Injini ikayamba kufuka utsi: onani mtundu, fungo ndi nthawi musanagwire sipanala

Galimoto ikangoyamba kufuka utsi kumbuyo, mawu oyamba amene mwini wake amamva ndi akuti, "Bwana, maring'i atha, apa pakufunika ovaholo." Amanena ndi kondakitala, amanena ndi anyamata a pa depoti, nthawi zina amanenanso makaniko asanatsegule ndi boneti yomwe. Maring'i ndi timikombero tachitsulo ta pa pisitoni, ndipo ovaholo ndi kumasula injini yonse n'kuikonzanso. Mawu amenewa awonongetsa anthu ndalama zambiri kuno ku Mangochi. Pali injini zomwe zinamasulidwa yonse pomwe vuto linali eyakilina (sefa ya mpweya wolowa mu injini) yodzaza fumbi, ndipo pali zina zomwe zinafa ndithu chifukwa mwini wake anauzidwa kuti "kautsi koyerako n'kozizira chabe" kufikira tsiku lomwe madzi anadzaza mu silinda.

Utsi wa ku ekizozi umachokera ku zinthu zitatu zokha: mafuta oyendetsera (petulo kapena dizilo) omwe sanapse bwino, oyilo yemwe walowa kumene sakuyenera kulowa, ndi madzi. Chilichonse mwa izi chili ndi mtundu wake, fungo lake komanso nthawi yake yotulukira. Mukadziwa zitatuzi mwadula ntchito pakati, ndipo palibe amene angakugulitseni ovaholo mwachisawawa.

Choyamba, onetsetsani kuti utsiwo ukutulukadi ku ekizozi. Oyilo wodontha kuchokera pa gasiketi ya chivindikiro cha pamwamba pa injini amagwera pa chitsulo chotentha n'kumafuka m'boneti. Umenewo si utsi wa m'kati mwa injini, ndipo kukonza kwake n'kotchipa. Chachiwiri, musaweruze muli pa chiwongolero mukuyang'ana pa galasi. Wina alize injini, inu muime pambali kumbuyo, dzuwa lili kumsana kwanu. Onani m'mawa injini isanatenthe, muonenso itatentha, kenako wina aiponde mwamphamvu n'kuisiya. Zonsezi muchitire panja. Mu utsi wa injini muli mpweya wa carbon monoxide womwe suoneka komanso sununkha, koma umapha munthu m'chipinda chotseka, kaya ndi wa galimoto, kaya ndi wa jenereta yoikidwa m'khonde lotchinga magetsi akathima.

Makina otchetchera kapinga

Ndiyambe ndi awa chifukwa ndi amene amaopseza anthu popanda chifukwa. Mvula ikagwa mu Disembala, m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Namiasi, Nkopola, Makawa mpaka ku Monkey Bay, komanso m'masukulu ndi m'matchalitchi, makina amene anagona chilimwe chonse amatulutsidwa. Mnyamata wa m'munda amakoka chingwe, makina n'kulira, kenako chiutsi choyera chosakanikira ndi buluu n'kudzaza bwalo lonse. Bwana akaona zimenezo amati makina apsa.

Kumbukirani chinthu chimodzi: injini za makina okankha awa zimazizira ndi mpweya, zilibe radiyeta, zilibe madzi. Choncho utsi woyera pa makina otere si madzi ayi, ndi oyilo. Funso n'lakuti oyiloyo wafika bwanji kumene akupsako.

Nthawi zambiri makinawo anapendekeka. Wina anawagoneka chammbali kuti achotse udzu womwe unakola ku mpeni, kapena anabwera nawo atawamanga chogona pa kabaza kapena pa ngolo. Oyilo amakhala pansi pa injini, ndiye makina akagona mbali yolakwika amayenderera kudzera m'kapaipi kopumira n'kukanyowetsa eyakilina, wina n'kulowa mu silinda ndi mu ekizozi. Mukafuna kuona kunsi, yambani mwazula waya wa pulagi kuti mpeni usakudabwitseni, kenako pendekani makinawo mbali ya eyakilina ndi kabuleta (posakanizira petulo ndi mpweya) ikhale kumwamba, kapena tsitsani zogwirira pansi kuti kutsogolo kudzuke. Ngati zachitika kale, tsegulani eyakilina. Ya pepala ikanyowa ndi oyilo yatha ntchito, gulani ina. Ya siponji ichapeni ndi sopo, iume bwinobwino, muidonthezere oyilo pang'ono n'kuifinya mpaka isamadonthe. Pukutani pulagi, yezani oyilo, lizani makina pamalo athyathyathya. Utsi udzapitirira kwa mphindi zingapo kenako udzatha wokha.

Chimodzimodzi ndi kutchetcha pamtsetse. Opanga injini zotere, monga Briggs & Stratton, amalangiza kuti makina asagwire ntchito pamalo opendekeka kupitirira madigiri 15. Kapinga wambiri wa kunyanja amatsetserekera ku mchenga, ndipo pamalo otsika kwambiriwo ndi bwino kungotenga chikwakwa.

Chachiwiri ndi oyilo wochuluka. Makina okankha ambiri amangofuna oyilo wapakati pa theka la lita ndi mamililita 600. Munthu wozolowera galimoto amagula botolo la lita imodzi n'kukhuthulira lonse, poganiza kuti akuwachitira zabwino. Oyilo akapitirira mzere wa pamwamba pa dipisitiki (kandodo koyezera oyilo), chitsulo chozungulira cha m'kati chimamutakasa n'kumuthamangitsira ku eyakilina ndi ku silinda. Chotsani wowonjezerayo basi.

Koma pali oyilo wina amene amakwera yekha popanda womuthira, ndipo apa m'pofunika kusamala. Solorani dipisitiki muinunkhize. Ngati ikununkha petulo ndipo oyiloyo ndi wamadzimadzi, ndiye kuti kasingano ka mu kabuleta, kamene kamatseka petulo kambale kakadzaza, sikakutsekanso. Petulo amasefukira usiku wonse, kudutsa mu silinda, n'kukasakanikira ndi oyilo. Makina otere musawalize. Oyilo wosungunuka ndi petulo sateteza zitsulo, ndipo mudzapha injini yabwinobwino. Tsukani kabuleta, sinthani kasinganoko ngati kadyeka, khuthulani oyilo yense muthire watsopano. Ngati makina anu ali ndi kampopi ka petulo, muzikatseka mukamaliza ntchito.

Chimene chimamatitsa kasinganoko ndi petulo wogona. Petulo wa ku Malawi kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Kunyanja kuno chinyezi sichisowa. Petulo akakhala mu kabuleta kuyambira Meyi mpaka Novembala amasanduka zomatamata, timabowo n'kutsekeka, zitsulo n'kuchita dzimbiri. Nyengo yotchetcha ikatha, khuthulani thanki, lizani makina mpaka azime okha, ndipo muwasunge pouma.

Utsi wakuda pa makinawa ndi nkhani yaifupi. Mwina choko (kachitseko kochepetsa mpweya poliza injini yozizira) chatsalira chotseka, mwina eyakilina yatsekeka ndi fumbi ndi zinyenyeswa za udzu, mwina kabuleta ikusefukira. Chotsani eyakilina kwa kamphindi pamalo opanda fumbi. Utsi ukatha, wolakwa mwamupeza. Musapitirize kutchetcha popanda eyakilina, chifukwa mchenga wa kuno ukalowa mu silinda maring'i amathadi zenizeni.

Mukaona kuti oyilo ali pa mzere, sakununkha petulo, makina sanapendekeke, eyakilina ndi youma, koma utsi wabuluu sukutha ngakhale patapita theka la ola, chingwe chikukokeka mopepuka kuposa kale ndipo mphamvu zachepa pa udzu wautali, pamenepo ndiye tikambe za maring'i kapena gasiketi ya hedi (mutu wa injini wophimba silinda).

Injini zosakaniza oyilo ndi petulo

Makina otchetchera onyamula paphewa, makina ochekera mitengo ndi injini zambiri za maboti a asodzi ndi za 2-stroke. Izi zimawotcha oyilo mwadala, ndiye kautsi kabuluu pang'ono n'koyenera. Vuto ndi muyeso. Anthu ambiri amathira ndi maso, ena ndi chivindikiro cha botolo, n'kuwonjezera "kuti injini isaume". Onani zomwe zalembedwa pa thanki kapena m'buku la makinawo. Muyeso wa 50:1 ndi mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, kapena 100 pa chigubu cha malita 5. Wa 40:1 ndi mamililita 25, ndipo wa 25:1 ndi 40. Jekeseni wopanda singano wa mamililita 20 amayeza bwino kuposa diso la munthu aliyense. Sakanizani m'chigubu, mukhutchumule, kenako muthire m'thanki.

Oyilo akachuluka, pulagi imada n'kumanyowa, ku ekizozi kumadontha zakuda, ndipo mwaye umatseka khomo lotulukira utsi mpaka makina amalira koma osakoka. Akachepa ndiye zoopsa kwambiri: utsi umatha, mwini wake n'kusangalala, kenako pisitoni n'kugwira. Oyilo wake akhale wa 2T, ndipo wa boti akhale wolembedwa TC-W3. Oyilo wa galimoto sanapangidwire kupsa, amasiya phulusa lambiri.

Kwa a maboti ndiwonjezere ichi. Mukaona nthunzi yoyera ikukwera kumbuyo kwa injini, yang'anani kamtsinje ka madzi kamene kamathira kumbali. Kakafooka kapena kusiya, zimitsani pomwepo. Mwina pepala la pulasitiki kapena udzu watseka polowera madzi, mwina kampira kopopa madzi kadyeka ndi mchenga wa pagombe.

Utsi woyera pa galimoto

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mwera ukuwomba, galimoto iliyonse imatulutsa nthunzi m'mawa ndipo ku ekizozi kumadontha timadzi. Palibe cholakwika. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso, ndipo paipi ikadali yozizira madziwo amaoneka. Nthunzi yotere ndi yopyapyala, imazimirira pafupi pomwepo, ndipo injini ikatentha imatha.

Woopsa ndi utsi woyera wokhuthala umene sukutha injini itatentha, makamaka masana a mu Okutobala pomwe palibe chozizira chilichonse. Amenewo ndi madzi a mu radiyeta akulowa mu silinda, kudzera pa gasiketi ya hedi yopsa, kapena hedi yopindika kapena yosweka. Amati utsi wake umanunkha motsekemera, ndipo n'zoona ngati mumathira coolant, madzi a mankhwala ogula a mu radiyeta. Koma galimoto zambiri za kuno zimayendera madzi a pa mjigo kapena a m'nyanja, ndiye fungo lotsekemeralo simudzalimva. Musadalire mphuno yokha.

Dikirani injini izizire ndithu, makamaka m'mawa isanalire. Radiyeta yotentha musaitsegule, madzi ake amathovoka n'kusupula nkhope ndi manja. Tsegulani, dzazani madzi, lizani injini chivindikiro chili chotsegula, muyang'ane. Tithovu tikamatuluka mosalekeza, kapena madzi akamalavulidwa injini isanatenthe n'komwe, mpweya wa mu silinda ukulowa m'madzi. Gwiraninso paipi yaikulu ya pamwamba: ikalimba gwa patangopita kanthawi kochepa chilizireni, ndi chizindikiro chomwecho. Kenako solorani dipisitiki. Oyilo wosakanikira ndi madzi amaoneka ngati tiyi wamkaka. Koma zoyerayera zikangokhala pa chivindikiro chothirira oyilo pokha, dipisitiki ili bwino ndipo madzi sakuchepa, musafulumire, chifukwa galimoto yongoyenda timaulendo tatifupi, kunyumba mpaka kumsika wa pa boma, imachita zimenezo ndi chinyezi chabe. Masulani mapulagi muwandandike motsatana. Pulagi imodzi ikakhala yoyera kwambiri kuposa zinzake, yochita kutsukika, silinda imeneyo ndiyo ikumwa madzi. Galimoto yotere imanjenjemeranso ikangolira m'mawa kenako n'kukhazikika.

Pamenepa ndimalimbikira kwambiri: imitsani galimoto. Madzi sapanikizika. Akadzaza mu silinda usiku, m'mawa inu n'kutembenuza kiyi, ndodo ya pisitoni imapindika, ndipo ntchito ya gasiketi imasanduka yogula injini ina.

Gasiketi siipsa yokha, imapsa chifukwa injini inawira. Mukangosintha gasiketi osapeza chomwe chinawiritsa, mudzabwereranso ku galaja mwezi usanathe. Onani ngati fani ikuzungulira, ngati radiyeta sinatsekeke m'kati ndi dzimbiri ndi mchere wa madzi a pa mjigo kapena kunja ndi matope ndi tizilombo, ngati pampu ya madzi sikudontha, ndiponso ngati chivindikiro cha radiyeta chikugwirabe. Galimoto zambiri zimawirira pa chikweza chopita ku Namwera, zitanyamula anthu ndi katundu kupitirira muyeso, dzuwa lili paliwombo. Singano yosonyeza kutentha kwa injini ikakwera, imani pambali, ndipo musathire madzi ozizira pa injini yowira, chifukwa hedi ya aluminiyamu imapindika kapena kusweka. Hedi ikachotsedwa, ipite kwa a makina akaiyeze ngati ili yowongoka ndiponso ngati ilibe mng'alu, aipale ngati pakufunika. Pobwezera, mabawuti amangidwe ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) motsatira dongosolo lake, osati ndi chipaipi ndi mphamvu za mnyamata.

Dizilo ili ndi utsi wina woyera umene si madzi. Umaluma m'maso ndipo umanunkha dizilo yaiwisi. Ndi mafuta omwe apopedwa koma sanayake. Ukamatuluka m'mawa pokha, injini ikuvuta kulira, yambani ndi mahita (timapulagi totenthetsa mu silinda poliza), chifukwa limodzi likafa silinda yake imachedwa kugwira. Ukapitirira injini itatentha, ganizirani injekita yodontha, taimingi yosokonekera (makamaka ngati lamba wangosinthidwa kumene), madzi mu dizilo, kapena kompuresheni (kupanikizika kwa mpweya mu silinda) yotsika. Za injini za zigayo ndi za mapampu othirira n'chimodzimodzi.

Utsi wabuluu

Uyu ndi oyilo, ndipo fungo lake lopserera silisokoneza. Apa ndi pamene nthawi yotulukira utsi imanena zambiri, ndiponso pamene anthu amaberedwa kwambiri.

Galimoto ikatulutsa chiutsi chabuluu pongoiliza m'mawa, kapena itaima nthawi yaitali ikulira, kenako n'kuyera, vuto ndi timipira ta pa mavalavu. Timipirati timauma ndi ukalamba komanso kutentha, ndiye oyilo amatsetserekera mu silinda galimoto ili chiimire. Pali njira yabwino yotsimikizira, ndipo ife a kuno tili ndi msewu wake. Potsika kuchokera ku Namwera kudzera m'mapiri a ku Chowe, galimoto ili m'giya phazi mutalichotsa pa moto, injini imakoka mpweya mwamphamvu kwambiri ndipo imayamwa oyilo kudzera m'timipira totha. Mukafika pansi n'kupondanso moto, kumbuyo kumatuluka chiutsi kamodzi n'kutha. Mnzanu akutsateni pa njinga yamoto aone. Timipirati timasinthika popanda kukhudza mapisitoni, ndipo makaniko wodziwa amatha kutisintha pa injini zina osachotsa ndi hedi yomwe.

Maring'i akatha, utsi umachuluka mukamaponda moto ndi pokwera, ndipo sutha injini ikatentha. Mphamvu zimachepa, oyilo amada msanga. Tsegulani chivindikiro chothirira oyilo injini ikulira yokha: kampweya pang'ono n'koyenera, koma ikamapuma utsi mwamphamvu mpaka kukankha dzanja, moto ukudutsa m'mbali mwa mapisitoni. Umboni weniweni ndi kuyeza kompuresheni. Masilinda onse azikhala oyandikana, osasiyana kupitirira 10 kapena 15 pa 100 alionse. Silinda ikatsika, pa injini ya petulo makaniko athiremo kasipuni ka oyilo n'kuyezanso. Nambala ikakwera, ndi maring'i. Ikakhala pomwepo, ndi mavalavu kapena gasiketi.

Musanafike kumeneko, pali zinthu ziwiri zotchipa. China ndi oyilo wopitirira mzere, monga pa makina a kapinga paja. China ndi kavalavu ka PCV, kamene kamakhala pa chivindikiro cha pamwamba pa injini n'kumabwezera mpweya wa m'kati kuti ukapse. Kakamatirira, injini imayamwa oyilo kapena kumukankhira kunja m'masilo. Kazuleni, kagwedezeni pafupi ndi khutu. Kamtundu wakale kabwino kamalira kuti tcheketcheke. Kakhala chete, katsukeni kapena gulani kena. Kanthu kakang'ono aka katsegulitsa injini zambiri zopanda mlandu.

Pa galimoto za turbo (chokankhira mpweya wowonjezera mu injini), masulani paipi yaikulu yochokera ku turbo kupita ku injini. Kunyowa pang'ono sikudetsa nkhawa, koma oyilo wochita kudikha akusonyeza kuti turbo yatha. Pa dizilo izi si zoseweretsa, chifukwa injini imatha kuyamba kuyendera oyilo wakeyo, n'kumalira mokwera yokha ngakhale mutazula kiyi. Zikatero pa galimoto ya magiya apamanja, pondani buleki mwamphamvu, lowetsani giya yapamwamba, siyani kilatchi kuti izime. Polowera mpweya musatsekepo ndi dzanja.

Yezani kuchuluka kwa oyilo amene galimoto ikudya m'malo mongonena kuti "ikudya oyilo". Imikani pamalo athyathyathya, dzazani mpaka mzere wa pamwamba, lembani makilomita. Pa galimoto zing'onozing'ono zambiri, pakati pa mizere iwiri ya dipisitiki pali pafupifupi lita imodzi. Kupita ku Blantyre ndi kubwerako ndi makilomita osafika 400. Ngati ulendo umodzi wotere watsitsa oyilo ndi theka la lita, pansi posadontha, injiniyo ikufunadi kutsegulidwa. Ngati yadya theka la lita kuchokera pa sevisi kufika pa sevisi ina, yendani, muzingoyang'ana.

Pali chizolowezi chothira oyilo wokhuthala wa 20W-50 kuti utsi ubisike. Pa injini zakale zimathandiza kwa kanthawi. Koma galimoto zambiri zochokera ku Japan zomwe zadzaza m'misewu yathu, ma Sienta, ma Probox ndi zinzake, zinapangidwira oyilo wopyapyala monga 5W-30, ndipo zili ndi timisewu ta oyilo tating'ono kwambiri. Oyilo wokhuthala amachedwa kufika pamwamba m'mawa, ndiye mwabisa utsi koma mwayamba kudya zitsulo zina. Wogula galimoto yakale achenjerenso ndi zimenezi: aione m'mawa isanalizidwe, ndipo agwire boneti kaye kuti adziwe ngati sinatenthetsedwe iye asanafike.

Utsi wakuda

Uwu ndi mafuta ochuluka kuposa mpweya. Injini ya petulo imafuna mpweya wolemera pafupifupi maulendo 14.7 kuposa petulo, ndipo mpweya ukachepa kapena petulo akachuluka zotsalazo zimatuluka ngati mwaye. Mudzaona mafuta akutha msanga, mapulagi ali akuda koma ouma, ndipo chala mukachipisa ku ekizozi yozizira chimatuluka ndi mwaye wouma, osati wonona.

Yambani ndi eyakilina nthawi zonse. Galimoto yoyenda njira zafumbi za ku Makanjira, Katuli kapena Chilipa m'chilimwe singadikire makilomita olembedwa m'buku la ku Japan. Itulutseni muiyang'anitse kudzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, sinthani. Kuipopa ndi mpweya wamphamvu wa pa matayala kumang'amba pepala, ndipo fumbi limadutsa osaoneka.

Eyakilina ikakhala bwino, pa galimoto za masiku ano pitani kwa amene ali ndi kompyuta yoyezera. Kasensa koyeza mpweya kakada, kapena ka oxygen ka pa ekizozi kakafa, kapena koyeza kutentha kwa madzi kakamanama kuti injini ikadali yozizira, kompyuta ya galimoto imathira petulo wambiri. Ndipo pano ndidandaule za thermostat, valavu yotsekera madzi opita ku radiyeta mpaka injini itatentha. Amakaniko ambiri amaichotsa ponena kuti Mangochi ndi kotentha kale. Ikachotsedwa, injini imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, pa mtsetse imazizira mopitirira, kompyuta n'kumawonjezera petulo, ndipo petulo wotsalayo amatsuka oyilo m'makoma a silinda. Munthu amathawa kuwira n'kudzigulira utsi wakuda lero ndi wabuluu mawa. Thermostat yakufa isinthidwe, isangotayidwa.

Dizilo yakale kutulutsa kautsi kakuda pang'ono poiponda mwadzidzidzi si zachilendo. Koma minibasi kapena lole imene imasiya mdima msewu wonse ili ndi vuto. Mwina yalemedwa ndipo dalaivala akuikakamiza m'giya yapamwamba pa chikweza, mwina mainjekita akutsanula m'malo mopopera, mwina paipi ya turbo yang'ambika (mudzamva kulira kwa mpweya ndi kuona mzere wa oyilo pong'ambikapo), mwina valavu ya EGR (yobwezera utsi wina mu injini) yamatirira ndi mwaye. Ena amachita kuuza makaniko kuti awonjezere mafuta pa pampu kuti galimoto izikoka. Mphamvu yowonjezerekayo ndi yochepa, yambiri imathera mu utsi, ndipo kutentha kwake kumatha kuboola pisitoni. Amene amapuma mwayewo ndi amayi ogulitsa nsomba ndi mandasi m'mbali mwa msewu, akabaza a njinga zakapalasa, ndi ana a sukulu. Mainjekita apite kwa amene ali ndi makina oyezera, asamangosinthidwa mongoganizira.

Utsi ukayamba tsiku lomwelo limene mwathira mafuta a m'zigubu, musafufuze patali. Mafuta akasowa m'mafilingi tonse timakakamizika kugula kwa mavenda, ndipo ena mwa iwo amasakaniza ndi palafini, pomwe zigubu zina zimakhala ndi madzi pansi. Palafini mu petulo amachititsa injini kugogoda, kuvuta kulira ndi kutulutsa utsi wotuwa wonunkha nyali. Mu dizilo amachepetsa kutelera kumene pampu ndi mainjekita zimadalira. Thirani pang'ono m'botolo loyera mulisiye likhazikike, madzi amatsikira pansi n'kuoneka. Khuthulani thanki, sinthani fyuluta ya mafuta, ndipo pa dizilo muzimasula kampopi ka pansi pa fyuluta nthawi ndi nthawi kuti madzi atuluke.

Mukafika ku galaja

Musangoti, "Achimwene, ikufuka utsi, taionani." Nenani zomwe mwaona: "Utsi wake ndi wabuluu, umatuluka m'mawa ndi pomaliza mtsetse, madzi sakuchepa, oyilo yadya theka la lita pa makilomita 1,000." Makaniko wabwino amasangalala ndi mawu otere chifukwa amamufupikitsira ntchito. Akanena za ovaholo, funsani mwaulemu, "Kompuresheni mwayeza? Manambala ake ndi otani?" Ngati alibe choyezera, si chipongwe kupita kukayezetsa kwina n'kubwerera. Pemphaninso kuti zitsulo zakale zomwe zachotsedwa muzione.

Ntchito ikatha, musadabwe kuona utsi ukupitirira pang'ono. Oyilo ndi madzi zomwe zinadikha mu ekizozi zimafuna ulendo wautali ndithu, monga wopita ku Liwonde ndi kubwerako, kuti zipse zithe. Ngati gasiketi ndiyo inapsa, oyilo ndi fyuluta yake zisinthidwe nthawi yomweyo, ndipo ndi bwino kusinthanso kachiwiri pakapita makilomita ochepa kuti chinyezi chotsalira chichoke. Ngati aika maring'i atsopano, makilomita 1,000 oyamba musaikweze kwambiri, musaisenzetse katundu wolemera, komanso musaisiye ikungolira pamalo amodzi nthawi yaitali, chifukwa maring'i amakhazikika bwino galimoto ikamayenda mosinthasintha liwiro. M'masabata oyambawo muziyang'ana madzi ndi dipisitiki m'mawa uliwonse musanalize, ndipo chimodzi mwa izi chikamatsikabe, bwererani kwa amene anakonza ntchito ikadali yatsopano.